Chitini cha Malisiti

Januwale wa ku Hull alibe chisoni.
Mphepo ya kudoko imalowera pansi pa chitseko
ngati mwini nyumba wodzalonjerera lendi.
Ndakwera masitepe a ofesi ya Mayi Farrukh
nditakumbatira chitini cha mabisiketi
chopanda bisiketi ndi mmodzi yemwe.

Bambo anatisiya mu Seputembala.
Anandisiyira shopu, makina odulira makiyi,
mphaka wosamva kuitana,
ndi chaka chathunthu cha mapepala
amene boma likuwafuna mwezi uno usanathe.

Mayi Farrukh sakudabwa, anaona zambiri.
Akukhuthula chitini patebulo.
"Tamsin, milu itatu:
zolowa, zotuluka,
ndi zimene sitikuzidziwa."
Wachitatuwo ndiwo ukunenepa.

Lisiti la petulo. La magetsi. La inshuwalansi.
Maloko makumi anayi ogula pikulitsa.
Ena afufutika, inki inathawa kalekale,
pangotsala mbee.
"Awa muziwajambula pafoni tsiku lomwelo.
Pepala la m'sitolo limaiwala msanga kuposa munthu."

Mafuta a makina, avomera.
Tiyi wa pakona m'mawa uliwonse, akana.
Chakudya cha mphaka?
Ndikuyesa kunena kuti naye ndi wantchito,
amalondera mbewa usiku,
iwo akundiyang'anira pamwamba pa mandala
ndipo ndaseka,
koyamba chichokereni kumanda.

Kenaka lisiti lina lagwa chafufumimba.
Kumsana kwake kuli dzanja la bambo,
zilembo zopendekeka ngati mpanda wakale:
Mayi Ackroyd, loko watsopano pakhomo,
mwamuna uja asalowenso. Asalipire.
Tatembenuza lina.
Mnyamata wa pa nambala naini, anadzitsekera kunja,
mvula, usiku. Adzapereka akapeza ntchito.
Lina. Nkhalamba Thewlis, kiyi wachisanu chaka chino,
akuiwala. Osamuuza kuti ndi wachisanu.

Tawerenga makumi awiri ndi atatu.
Panja basi yadutsa, mawindo anjenjemera.

"Izi ndi ngongole?" akufunsa chapansipansi.
"Ngati mukufuna kukatolera, ndi nkhani ina.
Koma m'mene bambo anu ankalembera mabuku,
timawerenga ndalama imene inalowadi m'kabati.
Izi sizinalowe."
Ndayang'ana fomu pakompyuta, bokosi ndi bokosi.
Palibe malo olembapo
chimene munthu anasiya dala kutenga.

Akundiphunzitsa zotsala, cholembera chili kukamwa:
tsegulani akaunti yachiwiri kubanki,
paundi iliyonse ikalowa, idulenipo mchira
muuponye kumeneko, osaukhudzanso.
Za shopu zisagone thumba limodzi ndi za pakhomo.
Mubwere masamba asanayoyoke, osati Januwale,
chindapusa sichimva zoti munali ndi maliro
ngati simunanene.
Ndadandaula kuti ndalamayo ndi yambiri.
"Walira mvula walira matope," akutero.
"Msonkho ukakula, ndiye kuti chaka chinabala."

Chala chawo chadina batani.
Chaka cha bambo chapita, phee,
osamveka ndi phazi lomwe.
Nambala yotsimikizira ndayilemba pachikhatho
ngati mwana wa sukulu.

Chitini chapepuka potsika masitepe.
Mwatsala timapepala makumi awiri ndi titatu
timene boma lilibe nato ntchito.

Pakhomo la shopu ndapeza mtsikana
atazizidwa, khanda lili m'kangolo,
kiyi wothyoka pakati ali m'manja.
Makina alira, fumbi la mkuwa lawaza patebulo.
"Ndi zingati?"
"Mapaundi anayi."
Wapapasa m'matumba, wapeza atatu ndi timakobidi.
Ndalandira, ndalemba zimene zalowa,
ndajambula lisiti pafoni monga andiuzira.

Pensulo ya bambo idakali pambali pa kabati,
yolumidwalumidwa kumutu.
Mphaka waigubuduzira pansi.
Ndawerama, ndaitola.